Mwana Wanu ku Yunivesite: Mabuku Okha Sakwana

Makolo ena amene ana awo anapita ku Zomba kukaphunzira Chingerezi amabwera kwa ine ndi dandaulo. Amati, "Ahedi, mwana uja tinamtuma kukawerenga, koma tikumva kuti madzulo amakachita zisudzo ndi kulakatula ndakatulo. Kodi ndalama za fodya wathu sizikulowa m'madzi?" Ine ndimawayankha kuti akhazike mtima pansi, pakuti mwana wotere ndiye wapeza khomo lenileni la maphunziro ake.

Inu amene mwaphunzira kuwerenga mutakula kale mukudziwa bwino chinthu ichi. Ku sukulu ya kwacha, mawu amene munawagwira msanga ndi aja munawatchula mokweza pamaso pa anzanu, ena nakusekani, ena nakukonzani. Chinenero chimakhala pakamwa ndi m'makutu. Tsono mwana amene adzitsekera m'chipinda zaka zinayi ndi mabuku a Shakespeare ndi Chinua Achebe adzakhoza mayeso ndithu, koma pomuimika pa msonkhano mawu adzamthawa.

Yunivesite ya Malawi inatsegula zitseko zake mu 1965 ku Chichiri, mu Blantyre. Mu 1970 ophunzira ena a ku Chancellor College pamodzi ndi aphunzitsi awo anayamba kagulu ka alembi kotchedwa Writers' Group. Machitidwe awo anali osavuta. Munthu analemba ndakatulo kapena nthano yake, anzake naichulukitsa pa mapepala, ndipo mlungu uliwonse anasonkhana kuti aiwerenge ndi kuiweruza. M'chipinda chimenecho mphunzitsi ndi wophunzira anali ofanana: mnyamata wa chaka choyamba anatha kuuza mphunzitsi wamkulu kuti mzere wakutiwakuti ndi wopunduka. Pasanathe nthawi, mu 1971, anatulutsa kabuku ka ndakatulo 39 kotchedwa Mau. Koleji itasamukira ku Zomba mu 1973, kaguluko kanasamuka nayo. Mwa anthu amene anakhala m'misonkhano imeneyi muli Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Anthony Nazombe ndi Steve Chimombo, amene lero mabuku awo amawerengedwa ngakhale kutsidya kwa nyanja. Palibe amene anawalembera malikisi chifukwa chofika ku msonkhanowo. Anapita okha, atatha kudya mgonero.

Panalinso gulu la zisudzo lotchedwa Travelling Theatre, limene linayendera sukulu za sekondale ndi maholo a m'matauni. Poyamba zisudzo zambiri zinali m'Chingerezi, koma m'zaka za m'ma 1980, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, ophunzira anayamba kupita kumidzi ndi zisudzo za m'Chichewa zokamba za zitsime, zimbudzi ndi matenda. Apa ndipo ine ndimaona phindu lalikulu koposa. Mwana amene anachoka pamudzi kukaphunzira chinenero cha Azungu anabwerera kudzakhala pansi pa mtengo ndi agogo ake, naphunzira kwa iwo kaponyedwe ka mwambi.

Sindingabise kuti m'masiku amenewo ntchitoyi inali ndi zoopsa zake. Boma linali ndi bungwe loyesa mabuku ndi zisudzo zisanatuluke, kotero kuti alembi anaphunzira kulankhula mophiphiritsa, natchula bilimankhwe ndi Napolo pamene anali kunena za anthu. Jack Mapanje, amene buku lake Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981, anamangidwa mu 1987 ali mkulu wa gawo la Chingerezi, nakhala m'ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu kufikira 1991. Makolo amene amakumbukira zimenezi sindiwadzudzula akamachita mantha. Koma nthawi ija inapita, ndipo mwana wa lero saopanso khutu la pakhoma monga anaopera akulu ake.

Njira zina ndi zodziwika: gulu la mtsutso, kanyuzipepala ka ophunzira, kwaya, kapena kukathandiza ana a sukulu zoyandikana kuwerenga. Njira yotsirizayi ife aphunzitsi a ku pulayimale timailandira ndi manja awiri, chifukwa mphunzitsi mmodzi sangamve kuwerenga kwa ana onse m'kalasi lodzaza. Chimene ndimaletsa ndi umbombo wa magulu. Mwana wolowa magulu asanu salimbika m'gulu lililonse, ndipo mayeso akafika amagwa, pakuti yunivesite imabweza kwawo olephera. Awiri akwana, limodzi lolemba ndi limodzi lolankhula.

Tsono mwana wanu akabwera patchuthi, musamfunse za malikisi zokha. Muuzeni atulutse chimene analemba yekha, akuwerengereni pakhonde, kenaka akumasulireni m'Chichewa. Mumfunsenso kuti anzake atachimva anati chiyani, ndi kuti iye anasintha mawu ati.