Zimene ndinaphunzira posintha klatchi ya HiAce pakhomo

Kawirikawiri klatchi siifa mwadzidzidzi, imayamba kukuchenjezani kudakali nthawi. Pa Toyota HiAce yanga yakale ya dizilo, ya injini ya 3L, zizindikiro zake zinali zosabisika: mukaponda mafuta pachikweza muli pa giya yachinayi, injini imangolira koma liwiro osawonjezeka, kenako fungo la chinthu chopsa n'kumamveka m'kati. Ntchito yoisintha ndinaigwirira pabwalo la nyumba yanga, ndipo izi ndi zimene ndikufuna mnzanga aliyense adziwe asanagone chagada pansi pa galimoto yake.

Tsimikizani kaye vuto musanamasule bawuti ngakhale limodzi. Kokani handibuleki, lowetsani giya yachinayi, pondani mafuta pang'ono n'kumasiya klatchi pang'onopang'ono. Injini ikazima, ndiye kuti klatchi ikugwirabe. Ikapitiriza kulira phazi mutalichotsa, puleti ya klatchi yatha basi. Koma ngati vuto ndi loti magiya akukana kulowa, kapena chopondera klatchi chikumangomira osabwerera, musathamangire kunamizira puleti. Klatchi ya galimoto zimenezi imayendera mafuta a mabuleki, kuchokera pa master cylinder kukafika pa slave cylinder imene ili pambali pa giyabokosi. Timphira tam'kati mwake tikatha, mafuta amadontha, mpweya n'kulowa. Kukonza zimenezi ndi ntchito yaing'ono, giyabokosi simuikhudza n'komwe.

Phunziro lachiwiri ndi limene sindilola kukambirana ndi munthu. Jeke ndi yokwezera galimoto, si yoikhazikapo. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimasweka osapereka chenjezo, ndipo pansi apo pagona chifuwa chanu. Pezani miyendo yachitsulo yokhazikapo galimoto, kaya mubwereka kwa amakaniko, muiike pamalo olimba ndi osapendekeka, osati padothi lonyowa la nthawi ya dzinja. Matayala amene atsala pansi muwatchinge kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Pali chinthu chimene ambiri timaiwala: HiAce imakankha ndi matayala akumbuyo, choncho mukangochotsa propshaft, giya imene munasiyamo siigwiranso galimoto. Handibuleki nayo imagwira matayala akumbuyo okha, mukawakweza m'mwamba ntchito yake yathera pomwepo. Mukatha kuikhazika, igwedezeni galimotoyo mwamphamvu muli panja. Ngati ndi yogwa, igwe nthawi imeneyo. Chotsaninso waya wa negative pabatire, chifukwa waya waukulu wopita ku sitata umakhala ndi moto nthawi zonse, ndipo sipanala ikangoukhudza mudzaona zothetheka.

Nkhani yogula zipangizo ndi imene imapweteka thumba, koma maganizo anga ndi amodzi: gulani zonse pamodzi. Puleti yokha ndi kanthu kopepuka, konyamula ndi dzanja limodzi, ndipo kuichotsa n'kuika ina sikutenga nthawi. Thukuta lonse lili pa kutsitsa ndi kukweza giyabokosi. Ndiye n'chifukwa chiyani munthu angabwezeremo release bearing yakale, imene ikadzayamba kulira mawa adzatsitsenso giyabokosi yomweyo? Sinthani puleti, pressure plate, release bearing, komanso ka pilot bearing kamene kamakhala kumapeto kwa crankshaft. Kameneka n'kotsika mtengo kuposa zonse ndipo n'kamene kamaiwalika kawirikawiri. Mayina amene ine ndimawadalira ndi Aisin ndi Exedy, makampani a ku Japan amene amapangira klatchi opanga galimoto eni ake, koma bokosi lokha lisakupusitseni, poti zachinyengo zilipo pamsika. Pitani kusitolo ndi puleti yakale m'manja komanso nambala ya chassis. Gundanitsani puleti yakale ndi yatsopano pakauntala, muone ngati kukula kwake kuli kofanana, ndipo muwerenge mano a pabowo lapakati. Ma HiAce amaoneka ofanana kunja koma klatchi zake zimasiyana malinga ndi injini. Alipo amene amakhomerera lining yatsopano papuleti yakale. Ndalama zikavuta ndimawamvetsa, koma masipuling'i a puletiyo amakhala akale omwewo.

Pomasula, foni yanu ikhale pafupi, muzijambula chilichonse musanachichotse. Propshaft muilembe chizindikiro ndi penti pamene yalumikizana ndi diff, kuti idzabwerere mmene inalili, apo ayi galimoto ikhoza kumadzanjenjemera pamsewu. Tsanulani oyilo wa m'giyabokosi poyamba. Mabawuti ogwirizitsa giyabokosi ku injini si ofanana kutalika, ndiye boolani katoni n'kumawasomeka motsatira malo awo. Slave cylinder ingoimasulani n'kuipachika ndi waya, paipi yake osaitsegula, mukatero simudzavutika ndi kutulutsa mpweya. Koma muwauze ana apakhomo kuti pasapezeke wokwera n'kuponda klatchi, poti pisitoni yake ikhoza kufwamphuka. Mabawuti apamwamba a giyabokosi amaoneka ngati osafikirika mpaka mutachirikiza injini, kumasula chitsulo chopingasa chimene chanyamula giyabokosi, n'kutsitsa mchira wake pang'ono. Zikatero, soketi yolumikiza zitsulo zazitali imakawapeza kuchokera kumbuyo.

Mutu umodzi susenza denga. Giyabokosi imeneyi kulemera kwake sikusiyana kwenikweni ndi thumba la chimanga, ndipo mumainyamula mutagona chagada, manja ali tereretere ndi oyilo. Pakhale jeke pansi pake ndi munthu wachiwiri wamphamvu. Muikokere kumbuyo molunjika mpaka shafti yake itatulukiratu. Musailole kulendewera pashaftiyo, makamaka pobwezera, chifukwa imapinda puleti yatsopano isanayende ndi kilomita imodzi yomwe.

Zakale mukazichotsa musafulumire kuzitaya, zili ndi nkhani yoti zikuuzeni. Puleti yanga inali itadyeka mpaka mitu ya timisomali togwira lining inali ngwee kuwala, kusonyeza kuti tinayamba kale kukhula chitsulo. Buku la Toyota limati timisomali timeneti tikatsala pang'ono kufanana ndi lining, kuya kwake kukafika pa 0.3 mm, puleti yatha ntchito. Pa pressure plate, nsonga za tizala take tachitsulo zinali ndi mzere wokumbika mozungulira, pamene release bearing inkakanikiza nthawi yaitali. Mzere umenewo ndi umboni wa phazi lozolowera kupumira pachopondera. Pa flywheel panali madontho abuluu, malo amene chitsulo chinapsa ndi kutentha. Ikakhala ndi mizere yoti chikhadabo n'kukodwamo, ipititseni kwa odziwa kupala zitsulo ndi makina, chifukwa puleti yatsopano pa flywheel yokumbika imachititsa galimoto kudumphadumpha ponyamuka. Flywheel ikakhala ndi ming'alu ndiye isinthidwe. Yang'ananinso kuseri kwake. Mukaona oyilo wa injini akuchucha, seal yakumapeto kwa crankshaft yatha, ndipo mukaisiya oyiloyo adzanyowetsa puleti yatsopano n'kuyambanso kutereza.

Fumbi lakuda lodzaza m'chikombole cha giyabokosi musalipemerere ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa kompulesa. Mapuleti ena, makamaka akale, amakhala ndi asbestos, amene amawononga mapapo patapita zaka. Valani chophimba kumphuno, mulipukute ndi sanza yonyowa n'kuitaya.

Pomanga ndi pamene pamafunika mtima woleza. Puleti ili ndi mbali yake yoyang'ana ku flywheel, nthawi zambiri pamakhala polembedwa, ndipo mukaitembenuza klatchi siidzamasula. Iyeneranso kukhala pakati penipeni. Zogula zina zimabwera ndi kachida kapulasitiki kolunjikitsira. Ngati palibe, shafti yakale ya giyabokosi imachita bwino, kapena kamtengo kosemedwa kolowa bwino m'mabowo onse awiri. Pressure plate yatsopano imabwera yopakidwa mafuta oteteza dzimbiri, apukuteni nkhope yake iume, ndipo manja agirisi asakhudze lining. Mabawuti ake amangeni pang'onopang'ono modumphadumpha, ili kenako la kutsidya kwake, osati kutsiriza limodzi n'kupita pa loyandikana nalo. Pa ma Toyota ambiri akale amamangidwa pa 19 Nm, mphamvu yochepa kwambiri kuposa imene dzanja limafuna kuikapo, ndiye torque wrench ndi yofunika kuibwereka. Girisi pamano a shafti akhale wongopaka pang'ono. Akachuluka amawazikira papuleti injini ikayamba kuzungulira.

Ndiye pamabwera kampata kotsiriza. Giyabokosi yakwera, yalowa, koma yatsala pang'ono chabe kuti igundane ndi injini ndipo yakana. Misana yatopa, dzuwa lapendeka, ndipo mtima umakuuzani kuti mungolowetsa mabawuti muikoke ndi sipanala. Musayerekeze. Mukhoza kuswa chikombole cha giyabokosi kapena kuphwanya pilot bearing. Lowetsani giya, mnzanu azungulitse pang'ono shafti yakumbuyo uku inu mukugwedeza, ndipo muonetsetse kuti mpata wapamwamba ndi wapansi ndi wofanana. Mano akakumana, imalowa yokha n'kumveka kuti khu. Ikakanabe, itulutseni mukayang'anenso ngati puleti ili pakati. Mukamaliza zonse, musalize injini musanathire oyilo m'giyabokosi.

Chotsala ndi phazi la dalaivala. Klatchi yatsopano muiyendetse mofatsa masiku oyambirira, osaisenzetsa katundu wolemera. Imatha msanga chifukwa chonyamuka ndi giya yachiwiri, kulongeza katundu wopyola muyeso, ndi kuimitsa galimoto pachikweza ndi klatchi m'malo mwa buleki. Amene amakwera phiri la kuchokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre kapena la ku Chiweta galimoto itadzaza, atsitse giya kudakali nthawi, injini isanayambe kulefuka.

Ntchito imeneyi ndi yotheka pakhomo kwa munthu amene anagwirapo sipanala. Koma ngati mulibe miyendo yachitsulo yokhazikapo galimoto, malo olimba ndi mnzanu wokuthandizani kunyamula, chonde ipititseni kwa amakaniko, inu muime pambali muzionerera mmene akuchitira.