Kalata kwa mwana wanga wopita ku Lusaka kukakonzekera mayeso a GMAT

Feira, Luangwa

Mwana wanga wokondedwa,

Mawa ukwera basi ya m'bandakucha, udutsa pa Katondwe, ukalowa mumsewu wa Great East pafupi ndi mlatho wa Luangwa, n'kulunjika ku Lusaka. Za kupemphera, kusunga ndalama ndi kusankha bwino anzako, amayi ako akuuza kale. Ine ndikulembera za mayeso a GMAT amene ukufuna kulemba kuti ukachite MBA, makamaka mafunso aja akukusowetsa tulo, ofuna yankho lolimbitsa mfundo ya wolemba. Mabuku ako ndawawerenga, ndipo ndaona kuti nzeru yake ndi yomwe ija akuluakulu amaweruzira milandu pabwalo la Mfumu Mphuka kapena la Mfumu Mburuma: kumvetsera bwino zimene munthu wanena, kenako kufufuza zimene wasiya osanena.

Mayeso atsopano amene anayamba mu 2023 ali ndi zigawo zitatu. Chigawo cha Verbal Reasoning, mmene mumapezeka mafunso aja, chili ndi mafunso 23 oti uyankhe m'mphindi 45, ndiye kuti funso limodzi silikwana mphindi ziwiri. Lililonse lili ndi mayankho asanu. Uyenera kudziwa chimene ukufunafuna usanayang'ane mayankhowo.

Yamba wapeza chimene wolembayo akufuna kuti uvomereze. Ukatero, ona umboni umene wapereka. Ndiyeno dzifunse kuti, kodi n'chiyani chimene akuchidalira koma sanachitchule? Pamenepo ndi pamene nkhani yake yafooka, ndipo yankho lolondola limakachirikiza pomwepo.

Taganizira mlimi wa kuno kwathu amene njovu zinkamuthera chimanga chaka ndi chaka. Chaka chino wazinga munda wake ndi zingwe zopaka tsabola ndi girisi, ndipo njovu sizinalowe. Iye akuti tsabola ndiye wazibweza. Chimene sananene n'chakuti njovuzo zinalipodi m'deralo nyengo imeneyo.

Tsopano tinene kuti pa mayeso akupatsa mayankho, ndipo tione anayi okha. Lina likuti tsabola ali ndi msika wabwino ku Lusaka. Zingakhale zoona, koma sizikukhudza njovu, lisiye. Lina likuti m'mundamo simunathyoke phesi ngakhale limodzi. Limeneli likungobwereza umboni umene tamva kale, silikuwonjezera kanthu. Lachitatu likuti chaka chimenecho njovu zonse zinawoloka Zambezi kupita ku Kanyemba. Chenjera nalo, chifukwa likugwetsa mfundo ya mlimiyo, koma munthu wopupuluma amalitola poona kuti latchula njovu. Lachinayi likuti minda yoyandikana nayo, imene inalibe tsabola, inadyedwa nyengo yomweyo. Yankho ndi limenelo. Likusonyeza kuti njovu zinalipo, zinali ndi njala, ndipo zinalambalala munda umodzi wokha.

Usaiwale zinthu zitatu izi. Funso likati "ngati izi n'zoona", usalimbane ndi yankho. Litenge kuti ndi loona, n'kuona zimene likuchita ku mfundoyo. Chachiwiri, yankho lolondola silifunika kuthetseratu chikayiko chonse. Mwina mlimiyo ankalonderanso usiku ndi moto ndi zitini, komabe lachinayi lija likadali lamphamvu kuposa anzake. Chachitatu, iwe unakulira kuno ndipo njovu ukuzidziwa bwino, koma m'chipinda cha mayeso uweruze ndi zimene zalembedwa basi.

Funso likakukanika usakakamirepo. Sankha yankho limene ukuliona kuti lili bwino, ulichonge funsolo, upite patsogolo. Nthawi ikatsala, mayesowa amalola kubwerera ndi kusintha mayankho mpaka atatu pa chigawo chilichonse. Pokonzekera ndiye usathamange, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukhale ndi kope, ndipo pa funso lililonse limene walakwa uzilemba chimene chinakukopa pa yankho lolakwikalo. Ukadzawerenga kopelo pakatha mwezi, udzaona kuti msampha umene umakukola ndi umodzimodzi.

Ndalimbikira nkhaniyi chifukwa siithera pa mayeso. Tsiku lina udzakhala mu ofesi, munthu n'kubwera nati malonda akwera chifukwa cha uthenga umene anaulutsa pa wailesi, choncho muwonjezere ndalama. Usadzavomere msanga, ndiponso usadzamunyoze. Udzafunse modekha kuti n'chiyaninso china chimene chinasintha mwezi umenewo, nanga kumadera kumene uthengawo sunamveke malonda anayenda bwanji. Ndalama za anthu ambiri zimatayika chifukwa chosowa wofunsa mafunso otere.

Pita ukaphunzire mwakhama, mwanawe. Uzigona mokwanira, uzidya, ndipo Lamlungu lililonse uzitiimbira foni kuti timve mmene zikuyendera. Mulungu akutsogolere ndi kukusunga.

Ndine,
Atate ako