Mphunzitsi Wocokera ku England ndi Mwana Woweramitsa Mutu

Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu mu 1964, linali ndi anthu pafupifupi 100 okha amene anatsiriza maphunziro a pa yunivesite. Boma linamanga masukulu a sekondale m'madera ambiri, koma aphunzitsi anali osowa. Ndico cifukwa cake acinyamata a ku maiko akutali anadzipereka kudzathandiza, ena atatumizidwa ndi bungwe la VSO limene linayamba ku Britain mu 1958. Mmodzi wa iwo anali msungwana wa ku England, amene basi inamtenga ku Lusaka, niimuolotsa pa mlatho wa Luangwa, kukamtula pa sukulu ina kufupi ndi Chipata.

Kwao anamcenjeza za dzuwa, udzudzu ndi njoka. Izi sizinamvute. Nsima inamtentha zala masiku oyamba, koma posakhalitsa anadziwa kukanya mbamu. Cimene cinamsowetsa tulo cinali ana a sukulu. Akalowa m'kalasi onse anali kuimirira, kenaka zii. Akafunsa ngati amva, onse anali kuvomera, ngakhale amene sanatolepo kanthu.

M'Fomu 2 munali mnyamata wina woyendera, wa pa mudzi wapafupi, amene anacedwa masiku atatu otsatizana. Mphunzitsi atamfunsa cifukwa, mnyamatayo anaweramitsa mutu nayankha motsitsa mau. Tsono ku England mwana wothawa maso a munthu wamkulu amayesedwa wabodza kapena wamwano. Pamenepo msungwana uja anapsa mtima, namlamula kuti amyang'ane m'maso. Mwana wolemekeza akulu angatero bwanji? Anawerama koposa. Cilango cinagwa: akacheche udzu kuseri kwa kalasi. Kunena zoona, mphunzitsiyu sanali wankhanza; anali kungowerenga nkhope ya mwana monga anaphunzirira kwao.

M'mawa mwake mnyamatayo sanaoneke, ndipo anzake ambiri sanabwerenso. Msungwana uja anaganiza kuti ana apangana kumnyoza. Analemba kalata yopempha kubwerera kwao, naiika m'thumba, nathamangira ku nyumba ya ahedi kumene analowa wopanda odi. Ahedi kunalibe. Akazi awo anampatsa mpando, namlonjera mofatsa kufikira mpweya wake unatsika. Kenaka anatenga citenje, nammanga m'ciuno, nati, "Tiyeni, mwanawanga. Kumene kuli ana anu n'kumene tipita."

Anamva kulira asanafike pa mudzi. Amai a mnyamata uja anamwalira usiku. Masiku atatu aja iye ndiye anali kutunga madzi ndi kuphika phala la wodwala asananyamuke kupita ku sukulu.

Amuna anakhala panja pansi pa mtengo, ahedi ali pakati pao. Akazi anali m'nyumba, ndipo mlendoyo anamkhazika pa mphasa, miyendo yotambalala. Maliro amene iye anawadziwa anali a abale ndi mabwenzi owerengeka, otha dzuwa lisanapendeke. Apa mudzi wonse unasiya makasu, ndipo anthu anali kufikabe, ena atasenza nkhuni, ena ufa. Palibe anamfunsa kanthu. Agogo ena amene sanamdziwe n'komwe anangosendera kuti iye apeze potsamira. Msana unamuwawa, miyendo inacita dzanzi, koma sanasunthe.

Atabwerako ku manda, mnyamata uja anadza, nagwada capatali, maso ali pansi monga kale.

"Zikomo, Madamu, kuti mwabwera kudzatilira," anatero. "Udzu uja sindinatsirize. Ndidzatsiriza Lolemba."

Msungwana wa ku England anafuna kuyankha, koma mau anakana kutuluka. Anaweramitsa mutu, nayang'ana pansi. Kalata ija anakolezera mbaula madzulo omwewo.