Musafufute venv, werengani kaye mizere yofiira ija

Pali chizolowezi chomwe ndachiona kwa pafupifupi aliyense wolemba Python pa kampasi pano. Munthu akalemba pip install -r requirements.txt n'kuona mizere yofiira ikutsika ngati mvula, amafufuta foda ya venv n'kupanga ina. Zikakanikanso amathimitsa laputopu n'kuyatsanso. Kachitatu amajambula mzere womaliza ndi foni n'kuuponya pa gulu la WhatsApp la kalasi, pansi pake n'kulemba kuti "akuluakulu, thandizeni". Koma mzere womalizawo ndi umene nthawi zambiri sunena kanthu. Umangoti vutoli lachokera ku subprocess ndipo mwina si la pip. Apo pip akungodzichotsa pa mlandu, nkhani yeniyeni ili pamwamba, mizere makumi awiri kapena makumi asanu kuchokera pansi, pomwe palibe amene amafikapo.

Ine ndimaona kuti ambiri mwa mavutowa ndi vuto limodzi lomwe limangosintha nkhope. Ukalidziwa umapulumutsa bandulo, umapulumutsa tulo, komanso umasiya kudziona ngati mbuli.

Nkhani yake ili motere. Mukalemba pip install, pip amapita ku PyPI, nkhokwe yomwe ma package a Python amasungidwa. Kumeneko package imatha kupezeka m'njira ziwiri. Yoyamba ndi wheel, fayilo yothera ndi .whl, yomwe eni ake anaimanga kale. Yachiwiri ndi code yosamanga, fayilo yothera ndi .tar.gz. Wheel ili ngati ufa wogaya kale, mumangofikira kuphika. Fayilo inayo ndi chimanga cha m'thumba, ndipo kuti mudye nsima mufunika chigayo. Ma package ngati numpy, pandas ndi psycopg2 ali ndi zigawo zolembedwa mu C kapena Cython, ndiye chigayo chake ndi compiler pamodzi ndi mafayilo ena omwe compiler amawafuna. pip akapeza wheel yogwirizana ndi kompyuta yanu zonse zimatha m'masekondi. Akaisowa sakufunsani, amangotenga chimanga chija n'kuyamba kugaya pa kompyuta yanu, ndipo apo ndi pomwe mizere yofiira imayambira.

Kuti wheel igwirizane nanu, dzina lake limanena zonse. Tengani iyi: numpy-1.26.4-cp312-cp312-win_amd64.whl. Mawu akuti cp312 akutanthauza Python 3.12, win_amd64 akutanthauza Windows ya 64-bit. Ngati muli pa Python 3.11 kapena pa Ubuntu, fayiloyi si yanu, pip afufuza ina. Choncho funso loyamba likhale lakuti, n'chifukwa chiyani pip sanapeze wheel? Mukaona pa sikirini mawu akuti Downloading otsatiridwa ndi dzina lothera ndi .tar.gz, kenako Building wheel kapena Getting requirements to build wheel, dziwani kuti ulendo wa kuchigayo wayamba.

Semesita yathayi gulu lathu linapatsidwa pulojekiti yomwe anaiyamba wophunzira wina amene anamaliza maphunziro kale, kuti tiipitirize. Mu requirements.txt munali mzere wakuti numpy==1.24.3. Pa laputopu yanga, yomwe ili ndi Python 3.11, zonse zinalowa bwinobwino. Pa ya mnzanga, yemwe anali atangoika Python 3.12, zinakana. Iyeyo ndiye amayenera kuonetsa pulojekitiyo pamaso pa aphunzitsi patatsala masiku atatu, chifukwa laputopu yake ndi yokhayo m'gululo yomwe batire lake limakhalitsa magetsi akazima. Pofika pomwe tinakhala pansi limodzi anali atapanga venv kanayi, ndipo anali atayamba kunena kuti mwina Windows yake yaonongeka.

Tinakweza sikirini m'mwamba pang'onopang'ono mpaka tinapeza mzere wonena kuti module yotchedwa pkgutil ilibe ImpImporter. Mzere umenewu ndi womwe unali ndi nkhani yonse. numpy 1.24 inatuluka Python 3.12 isanabwere, ndiye ilibe wheel ya cp312. pip anatenga code yosamanga, n'kutenganso setuptools yakale yomwe numpy imeneyo imafuna pomanga. Setuptools yakaleyo imadalira ImpImporter, yomwe inachotsedwa mu Python 3.12 ya mu Okutobala 2023. Mu version yomweyo munachotsedwanso distutils, chida chakale chomangira ma package, n'chifukwa chake ena amakumana ndi uthenga wakuti No module named distutils. numpy yoyamba kugwira ntchito pa 3.12 ndi 1.26.

Panali njira ziwiri. Tikanatha kukweza numpy kufika pa 1.26, koma ukakweza package imodzi sudziwa kuti pandas ndi ena omwe ali pa mndandanda womwewo atani, ndipo masiku atatu si nthawi yoyesera zimenezo pa code yomwe sunalembe wekha. Tinasankha njira inayo. Anaika Python 3.11 pambali pa 3.12, fayilo yosafika 30 MB, n'kupanga venv polemba py -3.11 -m venv venv. Sipanadutse mphindi khumi, zonse zinali zitalowa.

Apa ndi pomwe anthu ambiri samvetsa ntchito ya venv. Venv imatenga Python yomwe mwaipangira, basi. Tsegulani fayilo yotchedwa pyvenv.cfg mkati mwa fodayo, mupezamo version yake yalembedwa poyera. Ngati munaipanga ndi 3.12, mutha kuifufuta kakhumi, idzabwerabe ya 3.12 ndi vuto lomwelo, kwinaku mukulipira bandulo nthawi iliyonse cache ikapanda kukuthandizani. Ntchito yake ndi yoletsa ma package a pulojekiti ina kusakanikirana ndi a ina. Simubwera ndi compiler, simubwera ndi ma library a C. Ndi khitchini yanuyanu, koma chigayo chilibemo.

Pa Windows uthenga wotchuka ndi wakuti Microsoft Visual C++ 14.0 or greater is required. Uthengawu sunama, ndipo malangizo ambiri pa intaneti amangoti pitani mukaike Build Tools. Amene amalemba malangizowo ndikukhulupirira kuti sawerenga ma MB. Build Tools imadya ma GB angapo, ndalama yomwe kwa ena a ife ndi ya ndiwo ya sabata yathunthu. Ndipo ukaika, si nthawi zonse zimatheka, chifukwa code yakale imathanso kukana kumangika pa Python yatsopano ngakhale compiler ilipo. Musanawononge bandulo, lembani pip install --only-binary=:all: kenako dzina la package. Pamenepo mwamuuza pip kuti ufa wokhawokha, chimanga ayi. Ngati palibe wheel akuuzani nthawi yomweyo, ndipo mudziwa kuti chofunika kusintha ndi version ya package kapena ya Python.

Pa Ubuntu nkhani imapepukirako, koma msampha wake ndi wina: munthu amafuna kukonza ndi pip chinthu chomwe pip sangachikhudze. Mukamaika psycopg2, yolumikizira Django kapena Flask ku PostgreSQL, n'kuona pg_config executable not found, chosowacho ndi libpq-dev, ndipo chimabwera ndi apt. Mukaona kuti Python.h: No such file or directory, mukufunika python3-dev. mysqlclient yamasiku ano imafunanso pkg-config ndi default-libmysqlclient-dev. Zonsezi zimakhala kunja kwa venv. Pa asayimenti ya m'kalasi ine ndimangoika psycopg2-binary, yomwe imabwera yomanga kale, ngakhale eni ake amalangiza kuti pa seva yeniyeni ndi bwino kumanga nokha.

Ndinenepo pang'ono za njira yachidule yomwe ikufala m'mahositelo. Kuyambira pa Debian 12 ndi Ubuntu 23.04, mukayesa pip install kunja kwa venv mumalandira uthenga wakuti externally-managed-environment. Ena akatopa ndi venv amatulukamo n'kuwonjezera --break-system-packages. Dzina lokhalo likukuchenjezani. Zida zina za Ubuntu zimadalira Python yomweyo, ndipo vuto lomanga lija silichoka chifukwa mwatuluka mu venv, mwangowonjezerapo lina.

Chomwe chimandikhudza kwambiri pa nkhaniyi si ma command ayi. Ndamvapo anzanga, makamaka a chaka choyamba ndi chachiwiri, akunena kuti mwina programming si yawo, chifukwa choti alephera kuika package. Sanalembe ngakhale mzere umodzi wa code, koma adziweruza kale. Anthu oterewa ndimawauza nkhani ya PyYAML. Mu Julayi 2023 kunatuluka Cython 3.0. Tsiku lomwelo anthu padziko lonse omwe amaika PyYAML 5.4.1 pa makompyuta opanda wheel yake anayamba kulandira error yotchula cython_sources. Sanasinthe chilichonse. Chinachitika n'chakuti pip akamamanga package amapanga malo ena apadera n'kutengeramo zida zomangira, ndipo anayamba kutenga Cython yatsopanoyo, yomwe PyYAML yakale sinkagwirizana nayo. Eni ake anatulutsa 6.0.1 kuti akonze. Omwe anagwa m'dzenje limenelo anali mainjiniya olipidwa m'makampani akuluakulu. Ndiye iwe wa chaka choyamba uli pa bedi ku hositelo ukudzinyoza chifukwa chiyani? Nkhaniyi ikuonetsanso kuti requirements.txt, ngakhale mulembemo ma version onse ndi ==, simanga zida zomangira. Pulojekiti yomwe inalowa bwino chaka chatha itha kukana chaka chino.

Za ma chatbot sindikutsutsa, nanenso ndimawafunsa. Koma mukawapatsa mzere womaliza wokha uja adzakupatsani mndandanda wa zinthu zisanu ndi ziwiri zoti muyese, kuyambira kukweza pip mpaka kuika Build Tools, chifukwa nawonso akungolota. Apatseni zonse zomwe zatuluka pa sikirini, muwauze version ya Python ndi mtundu wa kompyuta yanu. Chimodzimodzinso pa gulu la WhatsApp: koperani mawu onse, osati chithunzi chopendekeka cha mizere itatu.

Ku gulu lathu tinatengerapo njira ina yomwe ndikuganiza kuti kalasi iliyonse ikanayenera kukhala nayo. Mmodzi akapeza netiweki yabwino amalemba pip download -r requirements.txt -d wheels, ma package onse n'kugwera mu foda imodzi. Fodayo imayenda pa flash. Ena onse amaika polemba pip install --no-index --find-links wheels -r requirements.txt, osakhudza intaneti n'komwe. Chofunika n'chakuti nonse mukhale pa version imodzi ya Python ndi mtundu umodzi wa kompyuta, chifukwa wheel ya Windows singalowe pa Ubuntu.

Kwa inu amene mukumaliza chaka chino ndipo code yanu itsala ku dipatimenti, chonde lembani pamwamba pa README kuti munagwiritsa ntchito Python iti, pa Windows kapena pa Linux, komanso zomwe munaika ndi apt. Ndi mizere itatu yokha. Aphunzitsi athu nawonso akanamafunsa zimenezi polandira pulojekiti, monga momwe amafunsira tsamba la mutu ndi siginecha. Maphunziro athu amathera nthawi yaitali pa ma loop ndi ma class, koma sindinakhalepo m'kalasi momwe wina anatsegula uthenga wa error ya pip pa projekita n'kuuwerenga nafe mzere ndi mzere.

Python yatsopano imatuluka mwezi wa Okutobala chaka chilichonse, ndipo tsamba la python.org limaika yatsopanoyo pa batani lalikulu, lomwe wophunzira watsopano aliyense amadina. Ma package ena amatulutsa ma wheel ake msanga, ena amatenga miyezi. Ine ndimatsalira version imodzi m'mbuyo dala. Ndikafuna kukwera, ndimayamba ndatsegula tsamba la package iliyonse yofunika pa PyPI, pagawo la Download files, n'kuona ngati pali fayilo yokhala ndi cp ya Python yomwe ndikuifunayo.