Ndinaseka, kenako ndinachita manyazi

Mayeso atatha, mnzanga wina anandipatsa filimu n'kundiuza kuti ndikaseka mpaka nthiti kuwawa. Dzina lake ndi Happiness, kutanthauza chimwemwe, ya Todd Solondz, yomwe inatuluka mu 1998. Kuseka ndinasekadi, koma usiku umenewo tulo sindinatione.

Nkhani yake ikuchitikira ku New Jersey, m'madera a nyumba zaudongo kunja kwa mzinda, kumene kapinga amametedwa bwino ndipo aliyense amamwetulira. Muli akazi atatu a bere limodzi. Joy palibe chimene chimamuyendera. Helen ndi mlembi wotchuka koma amadzikayikira. Trish ndiye amadzitama kuti ali nazo zonse: nyumba, ana komanso mwamuna wophunzira, dokotala wa matenda a maganizo. Chimene sakudziwa n'chakuti mwamuna wakeyo, Bill, akugwiririra ana a m'kalasi mwa mwana wawo, Billy.

Apa ndi pamene filimuyi inandisokoneza. Bill sanamuonetse ngati chilombo. Dylan Baker anasewera mbaliyi ngati bambo wofatsa, woyankha mafunso a mwana wake moleza mtima. Nyimbo zake ndi zofewa, zonga za m'masewero a mabanja pa TV. Umaseka kudzitama kwa Trish, kenako n'kukumbukira zimene zachitika m'nyumba yomweyo, phwete lija n'kukutsamwa. Chakumapeto Billy afunsa bambo ake ngati zimene anthu akunena zili zoona, ndipo iwo avomera. Pamenepo ndinaimitsa kaye filimu.

N'zosadabwitsa kuti inautsa mapiri pachigwa. Inalandira mphoto ya akatswiri ounika mafilimu ku Cannes, koma kampani ya October Films, yomwe inali pansi pa Universal, inasiya kuifalitsa, mpaka a Good Machine, omwe anaipanga, anachita kuitulutsa okha.

Dandaulo ndili nalo. Ana ochitiridwa nkhanzawo sapatsidwa mpata wokwanira. Timakhala kwambiri ndi wolakwa kusiyana ndi olakwiridwa. Munthu amene anadutsapo m'zoterezi sindingamuuze kuti aionere.

Komabe ndikuikira kumbuyo pa chinthu chimodzi. Ndili mwana ankandichenjeza za anthu achilendo, za amisala ndi zidakwa za m'njira. Palibe anandichenjezapo za munthu wa taye, amene aliyense amamupatsa moni mwaulemu. Tonse tikudziwa mmene nkhani zotere zimathera m'mabanja ambiri: akuluakulu amakhala pansi, n'kugwirizana kuti zisamveke kunja, mwana n'kuuzidwa kuti akhale chete.

Ambirife tikulimbikira sukulu kuti tidzakhale ndi nyumba ya mpanda ngati ya Trish. Ndikuifunabe nyumbayo. Koma mwana akadzandiuza zimene sindikufuna kumva zokhudza munthu amene ndimamulemekeza, ndikufuna ndidzamukhulupirire, ngakhale mbiri ya banja itaipa.