Kutuma mwana popanda kumulamula

Abale anga a ku Malawi, Chipata, Tete ndi kuno ku Zimbabwe, m'bwalo lino timakonda kutsutsana za kalembedwe ka mawu. Lero tione mbali ina ya chilankhulo chathu, ya momwe timatumira ana.

Chichewa chili ndi makwerero a kulamula. "Pita" ndi lamulo louma. "Tapita" n'kofewerapo, komabe kumakankha. "Bwanji upite?" kumasiya kampata kokana. Pamwamba pa zonsezi pali njira imene makolo athu ankalankhulira ndi mfumu kapena apongozi: kungotchula momwe zinthu zilili, womvayo n'kudzipezera yekha chochita. Apongozi sauzidwa kuti "tsekani chitseko". Timangoti "kunja kwayamba kuzizira".

Ndikulera mwana wa mlongo wanga, poti mayi ake ali pa ntchito ku Johannesburg, ndipo pa mwambo wathu udindowu ndi wa ine malume wake. Tili ku Mabvuku, kumene agogo athu adakhazikika atachoka ku Nyasaland m'nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963. Mnyamatayu ali ndi zaka 15. Ndi wanzeru, mafoni akufa amawadzutsa, koma mawu alionse obwera ngati lamulo amamuumitsa thupi. Ngakhale ali ndi njala, ukati "kadye" amayamba nthabwala, kenako mwendo wamupweteka, ndipo ukamupanikiza amaphulika ndi mkwiyo. Anansi adamutcha kale wamwano, ena m'Chishona amati ane musikanzwa.

Elizabeth Newson, katswiri wa maganizo a ana wa ku Nottingham, adafotokoza khalidwe lotere m'zaka za m'ma 1980 nalitcha Pathological Demand Avoidance. Akatswiri akadatsutsanabe: mabuku a madokotala a DSM-5 ndi ICD-11 salitchula ngati vuto lapalokha, ndipo ambiri amaliona ngati mbali ya autism. Si mwana aliyense wokana kutumidwa amene ali ndi vutoli. Koma mfundo ya ena mwa akatswiriwa ndi yolemera: gwero la kukanaku ndi nkhawa. Mwana wotere akamva lamulo, thupi lake limachita ngati wagwidwa mumsampha, ndipo kukuwa kumangomangitsa msamphawo.

Malangizo amene makolo a ana otere amapatsidwa ku Britain ndi ochepetsa malamulo, kupereka mwayi wosankha, ndi kulankhula mongofotokoza. Nditawawerenga ndidazindikira kuti ndi Chichewa cha apongozi chija. Mipopi ya ku Mabvuku imakhala youma nthawi yaitali, choncho madzi timatunga pa mjigo. "Katunge madzi" imautsa nkhondo. Ndikati "zigubu zonse zauma, ndipo mzere wa pa mjigo wafupika", n'kuchokapo, pakapita kanthawi ndimamva wilibala ikutuluka pa geti. Mayeso a ZIMSEC a Fomu 4 akumudikira chaka chamawa, ndiye funso langa madzulo limakhala lakuti, "masamu ndi sayansi, chayamba n'chiti lero?"

Akuluakulu ena ku tchalitchi amati ndikumulekerera, nandikumbutsa kuti wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Nkhawa yawo ndimaimva, pakuti unyamata kuno uli ndi mano. M'makona a Mbare, Mufakose ndi Mabvuku, mutoriro ukumeza anyamata. Ichi ndicho chifukwa chake sindifuna kuti pakhomo pakhale pa nkhondo: mnyamata wothawa malamulo a m'nyumba amakapuma kumene palibe womulamula, ndipo kumeneko ndi kumakona komweko. Malire alipo, koma ndi atatu okha: kugona pakhomo, kusagwira mankhwala ozunguza bongo, ndi kusamenya munthu. Atatuwa tidagwirizana tonse awiri mitima ili pansi. Zina zonse, monga nthawi yosamba kapena malaya ovala, timakambirana.

Tidazolowera kuti mawu ophiphiritsa amakwera kwa akulu, pamene lamulo louma limatsikira kwa ana. Komatu anamkungwi a chinamwali amalanganso ndi miyambi ndi nyimbo, podziwa kuti wachinyamata amasunga bwino chimene wadzimasulira yekha. Umalume wanga suchepa ndikalankhula ndi mwanayu monga ndilankhulira ndi apongozi.

Inu a ku Tete, Niassa ndi Chipata, kwanuko mumati chiyani pofuna kuti mwana achite chinthu osamva kuti watumidwa? Tiuzeni mawu ake enieni, momwe amawanenera agogo anu.