Mtsikana Pamwamba pa Cipupa

Loweruka lina, pocokera ku msika, ndinapeza anyamata asanu kuseri kwa mafulati a ku Kabwata. Anali kuthamanga, kugwira kacipupa ndi dzanja limodzi, kulumpha ngalande, n'kutera pansi mwakacetecete ngati amphaka. Pakati pawo panali mtsikana mmodzi, atavala buluku la mlongo wake. Atandiona, anaima cilili. Anali wa m'kalasi langa la Giredi 10.

"Ba Madam, conde musawauze amama."

Masewerawa amachedwa parkour. Anayambira ku Lisses, kunja kwa Paris, ca m'ma 1980. David Belle anaphunzira zambiri kwa atate ake, Raymond, amene anali wozimitsa moto. Iye ndi anzake anadzicha Yamakasi, mawu a Cilingala ca anansi athu a ku Congo, onena za munthu wolimba. Safuna mpira kapena bwalo. Cipupa, masitepe ndi thupi lako n'zokwanira.

Koma muno mu Lusaka cipupa si ca aliyense. Ku Woodlands ndi ku Kabulonga, mipanda yambiri ili ndi mawaya a magetsi pamwamba. Mnyamata wa ku komboni akaoneka atakwera, wina amakuwa kuti "kawalala!", ndipo tonse tidziwa zimene zimatsatira. Mtsikana ali ndi mpanda winanso, wa kunyumba. Ine ndinaleka kukwera mitengo ya mango ndili ndi zaka 12, tsiku limene azakhali anandiuza kuti ndakula.

Ndinaika thumba pansi n'kupenyerera. Asanalumphe, anayesa mtundawo pa dothi kasanu, mwina kasanu ndi kamodzi. Mwana amene sakweza dzanja m'kalasi anali kuuza anyamata poika phazi.

Sindinamuneneze, komanso sindinafune kubisira kholo. Lolemba madzulo tinapita tonse kwa amai ake. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa kuti: "Akathyoka mwendo, za kucipatala mudzalipira ndimwe?"

Ndinasowa coyankha. Amaiwo amagulitsa tomato, ndipo mantha awo si acikale ai.

Anavomera, koma anaika malamulo: zipupa zosapitirira m'ciuno, osapita ku mayadi, ndipo 17 koloko azikhala ali panyumba. Loweruka lathali ndinadutsanso kuseri kwa mafulati. Atsikana anali awiri.